Shiro Ndani?

Anakumana pa siteji ya minibasi pa Ntchisi Boma, mvula itaphwanya msewu. Tikondwe, mphunzitsi wa ku Dzoole, anaterereka m'matope, ndipo yemwe anamugwira anali Bryson, mlangizi wa zaulimi wa ku Msakambewa.

"Achemwali, dzanja lanuli ndikubwezereni lero kapena chaka chamawa?"

Sanabwezedi. Chaka chisanathe, ankhoswe anali atapangana tsiku la chinkhoswe. Kenako Bryson anatumizidwa ku Japan kukaphunzira ulimi wa mpunga kwa miyezi itatu.

"Duwa langa, kuno kwabwera thupi lokha, mtima uli ku Dzoole," ankalemba choncho, Tikondwe n'kumangomwetulira yekha pakati pa ana a sukulu.

Lachinayi lina kunabwera uthenga wina: "Loweruka ndikwera phiri kukaona Shiro. Akuti kukongola kwake m'mamawa n'kosaneneka. Ndakhala ndikulakalaka chifikireni."

M'mamawa! Mkazi wanji ameneyu wodziwika kukongola pongodzuka? Ndiye mpaka kumuuza iye osachita manyazi?

Mwana wa anthu analira mpaka maso kutupa, nazimitsa foni. Poti Tikondwe akakwiya safunsa, anapita kwa malume ake, a Malizani, kuwapempha kuti Loweruka akauze akuchimuna kuti chinkhoswe chatha.

Loweruka m'mawa mtima unamukana. Atangoyatsa foni, Bryson anaimba pa vidiyo, ali wefuwefu.

"Wokondedwa, masiku awiri zii! Ndakulakwira chiyani?"

"Musandifunse, bambo. Mpatseni foni Shiro wanuyo ndimuone."

"Bambo? Ine ndasanduka inu lero?"

Bryson anatembenuza foni. Tikondwe anaona makoma a miyala ikuluikulu yomera ndere, masitepe ogumuka, udzu pomwe kale panali zipinda. Kumunsi kwenikweni kunkaoneka minda ing'onoing'ono ngati mipango yoyanika.

"Shiro ndi ameneyu," anatero Bryson. "Ndi mawu a kuno, otanthauza linga la mafumu akale. Chatsala ndi bwinja lokhalokha."

"Bwinja?"

"Eya, mayi wa ana anga. Wachitira nsanje bwinja! Ndakwera maola awiri kuti ndikuuzire pamwamba pano kuti eni linga ili anamanga ndi miyala koma anachoka. Ine kwa iwe sindichoka."

Tikondwe anaseka misozi ili mbwembwembwe, manyazi ndi chikondi zitamugwirira pamodzi. Mwadzidzidzi kuseka kunaduka. A Malizani anali atapalasa njinga kutangocha!

Anatuluka liwiro wopanda nsapato, foni ili m'manja, akukuwira wakabaza.

"Tiko, ukuthamangira kuti?"

"Ku Msakambewa! Amalume anyamuka kale kukauza makolo ako kuti sindikukufuna!"

"Mayo ine! Nanga iweyo, ukundifuna?"

"Iwe Bryson, ndikanathamanga chonchi chifukwa cha ndani?"