Upile ndi Tikiti Yaulere ya Amayi Ake

Nyumba ya Bambo Lucious ndi Mayi Magdalene ku South Bend inali yaing'ono, koma munthu ukalowamo sunkafuna kutulukamo. Bambo ankayendetsa basi ya ana asukulu, mayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Lamulungu akaweruka kutchalitchi, Amalawi ambiri a mumzindawo ankathera pabalaza pawo, nsapato zili mbwee pakhomo. Mwana wawo anali mmodzi yekha, Upile, amene anabwera ku America ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Pofika chaka cha 2016 anali namwino pachipatala china chachikulu ku Indianapolis.

Upile sanali mwana woipa ayi. Matenda ake anali kulota ali maso. Akaona ndege ikudutsa pamwamba pa chipatala, mtima wake unkakwera nawo, thupi lokha n'kutsala likuyeza odwala.

Mayi Magdalene nawo anali ndi loto lawo, koma linali limodzi lokha. Zaka khumi ndi chimodzi anali asanapondeko ku Malawi chifukwa chosowa mapepala okhalira ku America, ndipo tsopano mapepalawo anali atatuluka. Bambo awo owabereka, nkhalamba ya ku Domasi, anali atafa ziwalo mbali imodzi. Pa foni ankangofunsa funso limodzi: "Magi, ubwera liti?"

Loweruka lina mu Juni mayi anaitana Upile kuchipinda, nampatsa envelopu yonenepa.

"Izi ndasunga zaka zitatu," anatero. "Undigulire tikiti ya pa 20 Ogasiti. Zamakompyutazi wodziwa ndiwe."

"Amayi, anthu ochenjera masiku ano sagula tikiti ndi ndalama. Amagula ndi mapointi a khadi la kubanki."

Bambo Lucious, amene anaima pakhomo, anaseka. "Ine mapointi ndimadziwa a mpira. Mwana wanga, chaulere padziko pano ndi moni yekha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ugule tikiti ya amayi ako sabata yomwe ino."

"Ndamva, adadi," anayankha Upile. Anamvadi, koma ndi khutu limodzi.

Khutu linalo linali kwa Vainess, namwino mnzake wa kumudzi komwe, wamkulu kwa iye ndi zaka zisanu. Vainess ankalandira malipiro ofanana ndi a Upile, koma zithunzi zake zinali za m'mahotela ndi za m'mphepete mwa nyanja zakutali. Anakumana masana ena pa lesitilanti ya anthu a ku West Africa pa Lafayette Road, ndipo nyama ya mbuzi isanafike, Vainess anali atayamba kale ulaliki wake.

"Tamvera, Upile. Dola iliyonse imene wagulira chinthu pa kirediti khadi, banki imakupatsa mapointi. Vuto n'loti ife tilibe ndalama zogulira zinthu zambiri. Ndiye timanamizira kugula. Mwezi wamawa ndikupita pa kuruzi, sitima yapamadzi yoyenda masiku seveni, ndipo m'sitimamo muli kasino. Umapita pa makina, umachaja thu sauzande ku akaunti ya chipinda chako. Kubanki zimaoneka ngati wagula zinthu m'sitima. Kenako umapita pawindo, umakashauta, akupatsa kashi yako m'manja. Tikatsika, kashi yomweyo umabweza ku khadi. Ndalama yangozungulira, koma yabereka mapointi."

"Achemwali, si juga imeneyo?"

"Juga ndi ya anthu ofuna kuwina. Ife tikungodutsamo. Makhadi awiri, masiku seveni, kuphatikiza bonasi yotsegulira khadi, amayi ako akwera bizinesi kalasi. Mpando wake umagona ngati bedi, ndikukuuza."

Mawu omalizawo ndi amene anamugwetsa Upile. Anawaona amayi ake, amene miyendo yawo inkatupa ndi kuimirira tsiku lonse, atagona m'mwamba mwa mitambo atafunda bulangete lofewa, mtsikana wa m'ndege atawerama kuwafunsa ngati akufuna tiyi. Anadziona iye mwini akuwabwezera envelopu ija yathunthu, kuti akagulire agogo malata. Loto lake linali lokoma, ndipo n'chifukwa chake sanalifunse mafunso. Anatsegula makhadi awiri atsopano. Ndalama yolipirira kuruzi ndi ndege yopita ku Florida anaitapa mu envelopu ya amayi ake, akudziuza kuti wangobwereka.

Mayi ataimba foni kufunsa za tikiti, Upile anati, "Yabukidwa, amayi. Musadandaule."

Kumbali inayo mayi anayamba kuimba nyimbo yoyamika Mulungu. Upile anachotsa foni pakhutu mpaka nyimbo inatha.

Sitima ija inali ngati mzinda woyandama. Upile anali asanaonepo madzi opanda tsidya, ndipo m'mawa woyamba anaima pakhonde la pamwamba kwa ola lathunthu, mphepo yamchere ikumupuputa kumaso, thovu loyera likutsalira m'mbuyo mpaka kumene maso amalekezera. Chakudya chinalipo nthawi iliyonse, palibe wofunsa ndalama. Anthu ovala zoyera ankamutchula madamu. Palibe belu la wodwala limene linalira, ndipo anayamba kuganiza kuti moyo weniweni ndi umenewu, winawo anangolakwitsa njira.

Tsiku loyamba ndi lachiwiri zonse zinayenda monga Vainess ananenera. Akatha kadzutsa ankalowa m'kasino, kuchaja, kupita pawindo, kutuluka ndi ndalama zatsopano zonunkhira. Upile ankazibisa m'sokosi pansi pa sutikesi.

Tsiku lachitatu bambo wina wa suti yakuda anawaimitsa mwaulemu. Anati aona kuti amatenga ndalama zambiri osasewera ngakhale kamodzi, ndipo zikapitirira awatsekera.

"Osaopa," Vainess anamunong'oneza Upile. "Uziseweretsako pang'ono, fifite yokha, kungowaphimba m'maso."

Upile anakhala pampando wa makina amene anali ndi zithunzi za nsomba zagolide. Anadina batani kamodzi, kawiri. Kachisanu makina analira, magetsi anathwanima, anthu osamudziwa anaomba m'manja. Anali atawina madola mazana asanu ndi anayi. Anaseka mpaka misozi, akuganiza kuti kumwamba kwavomereza. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mbuziyo siuzidwa.

M'kasino mulibe wotchi. Tsiku lachinayi Upile analowa atangomwa tiyi, ndipo anadzidzimuka atamva kuti nkhomaliro yatha kale. Zimene anawina zinali zitabwerera kwawo, ndi zina pamwamba. Anathamangira kuchipinda kukatapa m'sokosi muja, kuti angobweza zimene zatayika. Sitima inaima pachilumba china cha mchenga woyera, anthu anatsika kukasambira, iye anakhala pabedi kudikira kuti sitima inyamuke ndi kasino atsegulidwe. Nsomba zagolide zija ankaziona ngakhale atatsinzina. Zinkabwera ziwiri, yachitatu yoti awine nayo n'kuima pang'ono pokha pamwamba pa mzere, ngati ikumuuza kuti ayesenso.

Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi sokosi linali lopanda kanthu.

"Achemwali, ndathedwa," anauza Vainess. "Makhadi onse adzadza, kashi yobweza ndilibe."

Vainess anapitiriza kudzola mafuta m'miyendo. "Ine ndinati fifite. Sindinati ugone pamakina. Aliyense ndi mutu wake, sisi."

Atabwerera ku Indianapolis, Upile anatenga zotsala za mu envelopu n'kuponya ku ngongole ya makhadi, ndipo sizinaoneke n'komwe kumene zagwera. Chiyembekezo chinatsala chimodzi: mapointi. Ankatsegula foni kakhumi pa tsiku kuona ngati alowa. M'malo mwake kunabwera kalata. Banki inati yaona kuti makhadi agwiritsidwa ntchito mosemphana ndi malamulo ake, choncho yawatseka onse awiri, mapointi yafufuta, koma ngongole ikhalapo. Anaimba foni, analira, anachonderera. Mayi wa kubankiyo anamupepesa ndi mawu okoma kwambiri, ndipo sanasinthe kanthu. Vainess naye anasiya kuyankha foni.

Apa mpamene Upile akanapita kwa bambo ake n'kugwada. Kunali kudakali masabata atatu, ndipo Amalawi a ku South Bend sakanalephera kusonkha. Koma manyazi anamuletsa. Tsiku lililonse ankati mawa.

Ku South Bend kunali chisangalalo. Masutikesi awiri anali yasaa pabalaza, ndipo mwa mwambo wa kuno, wopita kumudzi sapita yekha. Mayi Flora anabweretsa mafoni awiri a ana awo ku Zomba. Mayi Ida anabweretsa mankhwala a BP ndi nsapato za ukwati wa mng'ono wawo. Bambo Lucious ankakwera pasikelo ya kubafa atanyamula sutikesi, kutsika, kukweranso opanda sutikesi, n'kulengeza kuti yapitirira ndi mapaundi atatu. Mayi ankachotsa zovala zawo kuti katundu wa anzawo alowe. Chimene sanalole kuchotsa chinali jekete laubweya ndi ndodo yopinda zimene anagulira bambo awo.

Pa 20 Ogasiti ananyamuka m'mawa kupita kubwalo la ndege la ku Indianapolis, bambo akuyendetsa, mayi kutsogolo, Upile kumbuyo. Minda ya chimanga inali mbali zonse za msewu, yobiriwira mpaka kutali. Mayi ankalankhula okhaokha. Ankatchula phiri la kwawo, mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba, ndi mmene adzawasambitsire bambo awo m'manja asanadye. Ndipo Upile, mwana wolota uja, analotabe. Ankaganiza kuti mwina pakompyuta ya pabwalo dzina lipezeka, mwina ndege ilephereka, mwina kugwa chimvula choti aliyense abwerere. Maola awiri ndi theka anatha asanaulule.

Pakauntala, mtsikana wa kampani ya ndege anatenga pasipoti ya mayi, anayang'ana pakompyuta, anayang'ananso. Anati dzinalo palibe.

"Upile, apatse nambala ya tikiti ija," anatero mayi, akumwetulirabe.

Upile anagwada pansi pomwepo, pakati pa azungu ndi matrole awo.

"Amayi, tikiti kulibe. Sindinagule. Ndalama zanu ndinapita nazo pa sitima, ndinatchova juga. Ndinakunamizani."

Bambo Lucious anavula chipewa, anachiyang'ana, anachivalanso. "Miyezi iwiri, Upile? Amayi ako akuimba nyimbo, iwe ukudziwa? Ndalama zikanatayika tikanafuna zina. Watibera masiku, mwana iwe."

Mayi Magdalene sanakalipe. Anakoka sutikesi yawo okha, anakakhala pabenchi, anaimba foni ku Domasi. Mdzukulu wina anaika foni pakhutu la nkhalamba.

"Ababa, ndine Magi. Sindibwera mwezi uno. Pachitika zovuta pang'ono."

Mawu ofooka anamveka mpaka pamalo pamene Upile anagwada. "Palibe kanthu, Magi. Ndidikira."

Mawa lake bambo anayenda khomo ndi khomo kubweza mafoni, mankhwala ndi nsapato za ukwati. Anthu atamva, anayamba kusonkha kuti mayi anyamuke kumayambiriro kwa Okutobala. Nkhalamba ya ku Domasi inadikiradi, koma inadikira masabata atatu okha. Inamwalira pa 9 Sepitembala, ndipo maliro anaika mawa lake.

Maliro mayi anawamvera pa foni, atakhala pansi pabalaza, amayi a mpingo atawazungulira. Mawu ankaduka, kubwera, kudukanso. Anamva nyimbo, anamva makasu. Upile anafika kuchokera ku Indianapolis mwambo uli mkati, ndipo anakhala pakhomo penipeni, pafupi ndi nsapato, osayerekeza kulowa. Foni itazima, mayi anakweza maso.

"Upile, bwera ukhale apa."

Anakwawa ndi maondo mpaka pamiyendo pawo, akulira mokweza. "Amayi, ndikhululukireni. Ndachimwira Mulungu, ndachimwira inu. Ndinkafuna mukwere bwino."

"Ine sindinapemphe kukwera bwino," anatero mayi. "Ndikanaima chiimire ulendo wonse. Ndakukhululukira, chifukwa ndiwe mwana wanga ndipo ndilibe wina. Koma nkhope ya bambo anga sungandibwezere."

Upile analapa, ndipo kulapa kwake kunali koona. Anagwira mashifiti owirikiza zaka ziwiri, anamaliza ngongole, ndipo mu 2018 anagula tikiti ndi ndalama ya thukuta lake. Mayi Magdalene anafika ku Domasi, anthu anawalandira ndi kuwaperekeza kumanda, kumene anapeza mulu wa dothi utamera udzu.

Inu achinyamata, amene makolo anu amakupatsani ndalama ndi mafoni awo chifukwa ndinu odziwa zamakono, mverani. Wokuuzani kuti pali njira yokolola osalima akukutengerani ku juga, ngakhale aitchule dzina lina lokongola. Chimene mwapatsidwa kuti musunge si chanu choti muyesere mwayi. Ndipo mukagwa, ululani tsiku lomwelo, anthu akadali ndi nthawi yokuthandizani. Mulungu amakhululuka, makolo amakhululuka, ngongole imabwezedwa. Koma munthu amene ankakudikirani akapita, wapita.