Dzanja la M'mphepete mwa Galasi

Torborg Haldorsen anali atangothira khofi m'kapu pamene Mayi Oline anagogoda. Nthawi inali cha m'ma folo koloko madzulo, koma kunja kunali bii. Kumpoto kwa Norway dzuwa limasowa miyezi iwiri yathunthu, ndipo anthu analeka kalekale kufunsa kumene limapita.

"Ndabwera ndi pempho, mwanawe," anatero mayiwo, akusasa chipale chofewa pampango wawo.

Amuna awo, a Eilert Vassvik, anali katswiri wojambula ndi utoto, ndipo anali atamwalira miyezi itatu yapitayo. Zithunzi zawo zonse zinali zitamwazikira kwa eni ake, kupatula chimodzi: cha mwana wawo Sunniva akusoka ukonde. Sunniva anapita ndi chifuwa chachikulu ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo nkhope yake sinatsale pena paliponse koma pansalu ya chithunzi chimenecho. Tsoka lake, a Eilert anali atalonjeza chithunzicho kwa munthu wina wa kutali, mumzinda wa Hamburg. Sitima ya pamadzi yokachitula inali kunyamuka m'mawa mwake.

"Mawu a malemu sindingawaphwanye," anatero Mayi Oline. "Koma chikapita, mwana wanga ndidzamuonera pati? Ndijambulire ndi kamera yakoyo."

Torborg ankadziwika tauni yonse kuti lilime lake n'lakuthwa kuposa lumo limene ankadulira zithunzi. "Mayi, kamera imadya kuwala. Mukufuna ndiidyetse chiyani, mdimawu? Komanso galasi lojambulira, lija limagwira chithunzi m'kameramu, landitsalira limodzi lokha. Ena akubwera Januwale."

Mayiwo anangoyang'ana pansi, manja ali m'kati mwa mpango. Torborg anatsonya, n'kunyamula kamera, kusiya khofi wake akutentha.

Nyumba imene a Eilert ankagwiriramo ntchito inali yamatabwa, kumapeto kwa doko. M'kati munkanunkhabe utoto. Torborg anawabweza Mayi Oline kunyumba chifukwa ankatsokomola, ndipo anatsala yekha. Anayatsa nyali zitatu za parafini, n'kuimika kamera yake pamiyendo yake itatu.

Ndi kuwala kochepa chonchi, diso la kamera linayenera kukhala lotsegula maola awiri. Bambo ake, amene anamusiyira ntchitoyi, anamuphunzitsa lamulo limodzi ali wamng'ono: galasi limagwira chokhacho chimene chakhala chete. Iye akanatha kumayenda ndi nyali uku ndi uku, osaonekamo. Koma chithunzicho chikanangogwedezeka pang'ono chabe, nkhope ya Sunniva ikanatuluka ngati utsi.

Ndipo chinali kugwedezeka. Mphepo inkalowera m'mipata ya matabwa n'kumachikankha. Mwendo umodzi wa choimikira chake unali wogwedera. Torborg anatseka mipata ndi nsanza, anamanga chingwe, anatsamiritsa mwala. Mphepo inapezabe njira. Anakhala pabokosi, mtima uli phaphapha ndi mkwiyo, n'kuyamba kuganiza mawu okawauza mayi aja.

Kenako kunamveka kugogoda pachitseko. Katatu, mosafulumira.

Pakhomo panali bambo wachikulire, chipewa chili m'maso, kolala ya jasi itafika m'makutu. Torborg anali asanaonanepo ndi anthu a pasitima ija, choncho anangoti ndi mmodzi wa iwo.

"Ngati mwabwera kudzachinyamula, bambo, bwererani. Mawa silinafike."

"Ndabwera kudzachigwira," anatero bamboyo. Mawu ake anali otsika, osasa.

Torborg anaseka. "Maola awiri? Ine ndajambula abusa, ndajambula asilikali. Onse ndimachita kuwamangirira chitsulo kukhosi, ndipo mphindi imodzi yokha amaphethira ngati nkhuku."

Bamboyo anadutsa pakati pa mabokosi ndi zitini osapunthwa n'kamodzi komwe, n'kukaima kuseri kwa chithunzicho. Thupi lonse linabisika. Dzanja limodzi lokha ndi limene linatulukira m'mphepete, litagwira thabwa la chithunzi.

Nsalu ija inaima nji.

Torborg sanafune kufunsa zambiri. Analowetsa galasi, n'kutsegula diso la kamera. Anatenga nyali n'kuyamba kuyenda nayo pang'onopang'ono, kumanja, kumanzere, kuti utoto usanyezimire malo amodzi.

Mphepo inakula. Denga linalira. Chithunzi chili chete.

Patapita theka la ola anazindikira kuti mpweya wake ukutuluka ngati utsi chifukwa cha kuzizira, koma kuseri kwa chithunzi sikunkatuluka kanthu. Anayang'ana pansi. Mapazi ake anali atasiya madzi kuchokera pakhomo. A bambo aja ayi.

"Muli bwino kumeneko, bambo?"

Zii.

Chitseko chinali pafupi, masitepe asanu okha. Koma galasi linali limodzi, ndipo sitima inali ya mawa. Anagwira nyaliyo ndi manja awiri n'kupitiriza kuyenda.

"Tsitsani nyali pang'ono," anatero mawu aja. "Pachibwano pali kachipsera. Mayi ake adzakafuna."

Torborg anatsitsa. Kachipserako kanalipodi, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Iye anali atayang'ana nkhope imeneyo madzulo onse osakaona, ndipo bamboyo anali kumbuyo kwa nsalu.

Maola awiri atakwana, anatseka diso la kamera. "Basi, bambo. Mulungu akudalitseni." Anasuzumira kuseri. Kunali khoma, ndi jasi yakale yothimbirira ndi utoto itapachikidwa pamsomali. Nthawi yomweyo chithunzi chinayambanso kugwedezeka.

Njira yobwerera kwawo sanaikumbukire. Chimene ankakumbukira n'chakuti bokosi la galasi analikumbatira pachifuwa ngati khanda, ndipo sanacheuke.

Sitima inanyamuka m'mawa ndi chithunzi chija. Patapita masiku angapo Torborg anapita kwa Mayi Oline atasindikiza chithunzi cha pagalasi lija papepala, lumo lili m'thumba, poti chizolowezi chake chinali kudula m'mphepete kuti patsale ntchito ya wojambula yokha. Ulendo uno lumolo linali litamukanika.

Mayiwo anayandikira nyali. Sunniva anali pomwepo, tsitsi lililonse likuwerengeka, kachipsera kali pamalo pake. Analira mwakachetechete, akusisita pepalalo ndi chala. "Wandibwezera mwana wanga," anatero. "Ndilibe mawu, mwanawe."

"Musandithokoze ndekha, mayi. Onani apa."

M'mphepete munali zala zinayi. Zinatuluka bwino kuposa china chilichonse: makwinya, utoto m'zikhadabo, ndi chala chaching'ono chopindika ngati mbedza.

"Ntchito imeneyi ndaigwira zaka makumi awiri," anatero Torborg, mawu ali pansi. "Munthu wopuma sangasunge dzanja chonchi maola awiri. Ngakhale kugunda kwa mtima kokhako kumaonekera."

Mayi Oline anayang'ana nthawi yaitali. Chala chimenecho ankachidziwa. Chinathyoka chaka chimene anakwatirana ndi a Eilert, chitapanidwa ndi chitseko cha nyumba ya kudoko ija.

Anthu a kudoko ananong'onezana za nkhaniyi mpaka dzuwa linabwerera. Ena ankati anali mlendo wa pasitima amene chala chake chinangofanana. Ena ankati a Eilert anazindikira mochedwa kuti lonjezo lawo lawalanda akazi awo mwana kachiwiri, ndiye anabwera kudzakonza. Torborg, amene sankasowa yankho pa nkhani iliyonse, pa imeneyi ankangoti anathandizidwa ndipo akuthokoza.

Tsiku lija anatulutsa lumo n'kufunsa ngati adule zalazo.

Mayi Oline anaphimba pepalalo ndi dzanja lawo. "Usadule," anatero. "Cha Sunniva yekha ndicho ndinapempha. Ichi n'cha onse awiri."