Pamene Panali Nkhadze

Veronika ndiye anayamba kuliona dothilo. Dzulo lake iye ndi mwamuna wake Alexio anali atapaka laimu nyumba yonse mpaka mapewa kuphwanya, koma m'mawa, popita kukataya madzi kuseri, anapeza khoma lakumeneko litadetsedwa m'munsi ndi dothi lofiira, lonyowa, ngati wina wapukutirapo manja. Pansi pake panali pozira bwino, posalala, kukula kwake ngati lichero.

Nyumbayo inali chapamtunda kuchokera pamsika wa Chezi. Anaimanga ndi malemu bambo ake a Alexio m'zaka zimene fodya ankalipira, ndipo iwo atamwalira, amayi ake a Alexio, a Sofiya, anasamukira kwa mwana wawo wamkazi kutsidya kwa dambo. Tsopano nyumba inali pamalonda. Alexio anali atapeza ntchito m'sitolo ya mbewu ndi feteleza ku Madisi, ndipo kugulitsa kuno ndiko kukanawapezera pokhala pafupi ndi chipatala. Mwana wawo Chisomo, amene anali atangoyamba kuyenda, anali ndi mphumu. Nkhungu ya m'mapiri ikatsika, chifuwa chake chinkalira ngati wezulo, ndipo anali atathamanga naye kale pa njinga yamoto usiku, milomo itada bii. Veronika sankafuna kuti chisanu china chiwapeze pamenepo.

"Wogula amagula ndi maso, alamu," anawauza motero Reinford, ejenti amene ankawasakira makasitomala pafoni. "Pakani laimu, sesani bwalo, makalendala akalewo achoke. Ndipo chitsamba cha nkhadze chili kuserichi, ndi milu ya miyala yakeyi, zonse zichoke. Munthu wa ku Lilongwe akaona zimenezi angoganiza za njoka."

Alexio anazula nkhadzeyo, miyala n'kukaitaya ndi wilibala kuphompho. Dothi lija linaonekera pamalo omwewo.

"Ndi ana awa, masanje," anatero Alexio atamuonetsa. Anatenga burashi n'kupakanso.

Usiku umenewo Veronika anali maso monga mwa masiku onse. Mayi wa mwana wa mphumu sagona, amangotsinzina khutu lili pachifuwa cha mwana. Malata ankathetheka ndi kuzizira. Galimoto yomaliza yopita ku Salima itadutsa, kunangoti zii, ngakhale agalu a kumsika anatopa. Kenaka anamva kulira kwa khanda. Sikunali kwamphamvu. Kunali kofooka, kodukaduka, ndipo kunkachokera kunja kwa khoma limene mutu wa bedi unatsamira. Anapapasa Chisomo. Mwanayo anali m'tulo, kukamwa kuli kotseka.

"Bambo a Chisomo," ananong'ona. "Mukumva?"

"Amphaka amenewo. Ndi nyengo yawo."

"Mphaka amakoka mpweya choncho pakati pa kulira?"

"Mayi, mawa ndili ndi chitseko cha bafa ndi mpanda wonse uja. Ndisiyeni ndigoneko."

Kutacha, dothi linali pakhoma ngati dzulo, ndipo pansi panali pozira, mwala umodzi utaikidwa pakati pake.

Nkhani inafika kumjigo Veronika asanaikambe. Ena ankati nyumba ikukana kugulitsidwa. Ena ankati pali wachibale wa nsanje amene akuopseza ogula. Amayi achikulire ankangoyang'anizana. Mmodzi, akusenza ndowa, anangoti, "Apongozi anu munawafunsa musanazule?" Sanadikire yankho.

Mphunzitsi wina anabwera kudzaona nyumba m'mawa Alexio asanapakenso. Anazungulira, anaima kuseri, anayang'ana khoma, n'kunena kuti adzaimba foni. Sanaimbe.

"Ine kukukonzerani msika, inu kumazira makoma?" anadandaula Reinford. "Loweruka kukubwera a Benjamini ndi akazi awo, anthu osachedwa pa zinthu. Amenewa akathawa, musandifunenso. Ndipo mwanayo tsiku limenelo mukamusiye kwa anzanu. Chifuwa chimenechi wogula akachimva ati nyumba ndi ya chinyezi."

Veronika anayang'ana manja ake. Laimu anali atamung'amba zikhatho, ndipo tulo tokwanira anali atatiiwala.

Lachisanu usiku nkhungu inatsika mpaka pakhomo, ndipo Chisomo anavutika kupuma mpaka mankhwala opopera atamugwira. Alexio anagona ndi nsapato. Veronika atangoti akhale pansi, anamva kukwecha kuseri, pang'onopang'ono, ngati chikhatho chikuyenda pa dothi lonyowa. Mantha anali nawo, koma kutopa kunaposa mantha. Anayatsa tochi ya foni n'kutuluka.

Munthu anali chogwada pansi pa khoma, atafunda chitenje kumutu, pambali pake pali beseni la dothi ndi miyala iwiri.

"Zimitsa chimenecho, mwanawe."

"Amayi! Ndinu? Kuoloka dambo usiku uno?"

A Sofiya sanatembenuke. Anapitiriza kusalaza. "Pano pagona mkulu wake wa Alexio," anatero motsitsa. "Nthayo. Anabadwa osalira. Tinamuika pano ine, azamba ndi amayi awiri, m'bandakucha, nyumbayi isanafoleredwe. Malo a nthayo amuna sauzidwa. Ngakhale bambo ake anapita osawadziwa. Nkhadze ija ndinabzala ndine kuti khasu lisafikepo."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene kwa yani? Kwa mwana wanga wamwamuna? Iwe ndiye ukanandifunsa, koma unali kumvera wa foni uja. Ndinangomva kumsika kuti mwazula. Ndiye ndimusiye pambalambanda, nkhuku zizipalasa?"

Anagwira khoma kuti adzuke, ndipo dzanja lawo linasiya dothi lofiira pa laimu. Chinali chimenechi basi: mayi wokalamba, maondo olema, manja a matope.

"Ndiye kulira kuja munali inu," anatero Veronika, atatsala pang'ono kuseka.

A Sofiya anamuyang'ana. "Ine misozi ya ameneyu inauma kalekale. Ndimayesa ndi Chisomo wako."

Nkhungu inkadontha kuchokera pamalata.

"Wogulayo ngati ali ndi mkazi, umuuze," anatero a Sofiya akunyamula beseni. "Za akazi zimapita kwa akazi. Akadziwa, asamala." Anatsikira kudambo osayatsa kanthu.

Loweruka Veronika anadzuka kusanache. Anakwecha khoma, anapaka laimu, miyala anaibisa kuseri kwa nkhuni, ndipo pozira paja anaikapo ndowa yakale yobzalamo maluwa. Chisomo anakamusiya kwa mnzake wa kukwaya. Veronika sanamuuze kanthu Alexio, poti sizinali zouza mwamuna.

A Benjamini anafika ndi galimoto yaing'ono dzuwa litakwera. Akazi awo, a Faines, anatsika movutikira, dzanja lili m'chiuno. Anali oyembekezera, mimba itakula kale. Amuna anapita kukaona malire ndi kugogoda mitengo ya denga, Reinford akuyankhula osapuma. A Faines anati akufuna kuona kokatunga madzi ndi koyanika zovala, ndipo Veronika anawatsogolera kuseri.

"Kuno kwandisangalatsa," anatero a Faines. "Kulibe fumbi la msewu. Apa pali maluwapa tidzawonjezera kachipinda ka mwana, kazilandira dzuwa la m'mawa."

Veronika anatsegula pakamwa. Mawu anali okonzeka, ochepa chabe. Koma mayi woyembekezera akamva kuti kuseri kwa chipinda chogona kuli nthayo, salowanso m'nyumbamo, ndipo galimoto ija ikanabwerera ku Lilongwe, nkhungu n'kutsala ndi Chisomo.

A Faines anapendeketsa mutu. "Khanda likulirali ndi lanu? Kalitengeni, mayi, musalisiye chifukwa cha ife."

Veronika anamvetsera. Ankamva nkhuku, wailesi ya kumsika ndi kuseka kwa Reinford. China sankamva.

"Ndi la aneba," anatero.

Malonda anatheka sabata yomweyo.

Ku Madisi kunali kofunda. Nyumba yake inali yaing'ono, yosapaka, koma chipatala chinali choyenda wapansi, ndipo Chisomo anayamba kugona mpaka kucha, manja ali tambasu. Alexio ananenepako. Veronika yekha ndiye tulo tinkamuzemba, ndipo a Sofiya akaimba kufunsa ngati anamuuza mayi uja, ankati netiweki ikuvuta.

Tsiku lina, atambala asanalire, foni inanjenjemera pansi pa pilo.

"Pepani pokudzutsani, ndine Faines wa ku Chezi." Mawu awo anali a munthu amene sanagone masiku ambiri. "Aneba aja munanena ndi ati? Ndayenda makomo onse ndi mimba yangayi, palibe ali ndi khanda. Abambo akuti ndi amphaka. Amisiri akubwera kukacha kudzakumba maziko a kachipinda kaja, ndiye ndimati mwina... Mayi? Mukundimva?"

Veronika anayang'ana Chisomo, chifuwa chake chikukwera ndi kutsika popanda phokoso. Ankamva bwino lomwe. Ankamva a Faines akupuma pafoni, ndipo kumbuyo kwa mpweya wawo, pafupi kwambiri ngati lili pamiyendo pawo, ankamva khanda likukoka mpweya kuti liyambirenso.