Mpando wa Kumbuyo kwa Dalaivala

Tukijan anali ndi basi imodzi, ngati chiphaphacho tingachitche basi. Inkachoka kumudzi kwawo, kufupi ndi Wonogiri, kupita ku Jakarta ikutsokomola njira yonse, ndipo mvula ikagwa okwera ankafunda maambulera m'kati momwemo. Mabasi a mnansi wake ankanyamuka odzaza, iye n'kutsala pa depoti akuingitsa ntchentche. Nsanje inamudya mpaka kuwonda.

Tsiku lina anakwera phiri kukaonana ndi sing'anga, a Ngadimin, atanyamula maluwa ndi lubani. Mkuluyo sanafunse n'komwe chimene wadzera. Anamupatsa kansalu koyera komanga mfundo, nati akakasokerere pansi pa mpando wa kumbuyo kwa dalaivala.

"Mpando umenewo usamagulitse. Koma chaka chilichonse, anthu akamabwerera kumudzi kukadya Idi, uzikhazikapo munthu mmodzi."

"Ndiye munthuyo zizimuthera bwanji, agogo?"

"Kwawo azifika ndithu. Kungoti potsika azichita kumunyamula. Ukudandaula chiyani, ndi m'bale wako?"

Tukijan anavomera asanameze malovu.

Pomatha zaka zinayi mabasi anali asanu ndi anayi, onyezimira, ndipo anthu ankalimbirana matikiti. Koma ulendo wa Idi, basi yakale ija ankaiyendetsa yekha. Ankazungulira pa depoti ya ku Jakarta kufunafuna wosauka amene tikiti yamukanika, n'kumugwira dzanja, n'kumukhazika pampandopo ulere. Anthu ankamutama kuti ndi munthu wa Mulungu. Wokwerayo akapezeka atauma pofika, ankati ndi kutopa ndi kusala kudya. Chaka choyamba Tukijan anasanza. Chachitatu anakadya mpunga ndi nkhuku mbale ziwiri.

Chaka chachisanu anasankha a Kasiman, nkhalamba yosoka nsapato, imene inathokoza mpaka misozi. Pa Bekasi anthu anakwera ngati nyerere. Pakati pawo panali Lastri, mwana yekhayo wa Tukijan, amene anakwatiwa kumeneko ndipo anali woyembekezera. Sananene kuti akubwera, ankafuna kudabwitsa bambo ake. Analowera khomo lakumbuyo n'kumadzipanikiza mpaka kutsogolo.

A Kasiman anali munthu woleredwa bwino. Sakanakhala pansi mayi wapakati ataimirira. Ananyamuka.

Tukijan anali kalikiliki kulimbana ndi njinga zamoto pamsewu pamene anamva dzanja paphewa pake.

"Bambo, mwaswera bwanji? Onani, agogowa andisiyira malo."

Anayang'ana pagalasi n'kuona mwana wake ali pampando uja. Anaponda mabuleki, anthu n'kugwerana.

"Dzuka! Lastri, dzuka pamenepo!"

"Bambo, mukundichititsa manyazi. Ndalipira tikiti ine."

Anamukoka n'kumuimika, kenaka anagwira a Kasiman pakhosi kuwakankhira pampandopo, mpaka amuna anamugwira manja. Koma chithumwa sichibweza chimene chalandira. Asanafike ku Cirebon, Lastri anati akumva tulo, natsamira paphewa la mayi wina. Sanadzukenso, iye ndi mwana wa m'mimba mwake.

A Kasiman anafotokoza zonse pamaliro, ndipo anthu anakumbukira okwera anayi aja amene anafera pampandopo. Kuyambira pamenepo palibe anakweranso basi ya Tukijan. Mabasi anachita dzimbiri pabwalo, nkhuku zikuikiramo mazira. Mwini wake lero amayenda wopanda nsapato pa depoti ya ku Wonogiri, kugogoda mawindo ndi kuchonderera mayi aliyense wokhala kumbuyo kwa dalaivala kuti adzuke.

Chuma cha mankhwala chimadya anthu, ndipo sichifunsa kuti uyu ndi mwana wa ndani. Wadyera amayamba ndi ana a eni, koma amatsiriza ndi wake.