Zinsalu za Msewu wa Nkhosa

Tamsin Beddoes anatuluka mochedwa m'sitolo ya mafoni, yomaliza mwa zonse zimene anazungulira tsiku limenelo. Kunja kunali kutada bii, monga kumachitira ku Shropshire mu Disembala, ndipo masitolo ena onse anali atatseka.

Mawa lake linali tsiku loika abambo ake, osoka nsapato a mu msewu wa Nkhosa. Moyo wawo wonse, maliro akamadutsa mumsewuwo kuchokera kumlatho kulowera kutchalitchi, iwo ankatsitsa chinsalu cha pawindo la sitolo n'kuima pakhomo, chipewa chili m'manja. Kale eni masitolo onse ankatero. Ali m'chipatala anapempha chinthu chimodzi chokha: "Ndisadzadutse mumsewu wanga mawindo ali tong'o, ngati ikudutsa ndi lole ya zinyalala."

Tamsin analonjeza. Koma tsiku lonse analowa khomo ili, kutuluka khomo ilo, osaphula kanthu. Mayi wogulitsa khofi anati mpaka afunse kulikulu. Mnyamata wa mafoni anamusunga nthawi yaitali akuimbira abwana ake amene sanayankhe, kenako anakanda m'mutu.

"Achemwali, pepani, ife chinsalu tilibe. Ngakhale babu ikapsa timadikira chilolezo cha ku London."

Anadutsa m'mbali mwa manda a tchalitchi, mtima uli phuthuphuthu ndi mkwiyo. Tauni iyi ankafunitsitsa kuithawa chimalizireni sukulu, kupita kwina kumene sitima sizigona. Koma usiku umenewo maso ake ankangokwera pamwamba pa zikwangwani zowala, pamene njerwa zinasungabe mayina ofufutika a anthu akale: wophika buledi, wosoka zishalo za akavalo, wogulitsa makandulo. Ndani ankawawerenganso? Posachedwa dzina la Beddoes lidzakhala pomwepo, mvula ikulinyambita pang'onopang'ono.

Kenako anamva phokoso. Ngwe... ngwe... chitsulo chikugunda miyala ya msewu.

Anaima. Phokoso linaleka.

Anayenda. Linayambanso, tsopano kutsogolo kwake.

Kumapeto kwa msewu, pafupi ndi mlatho, panali sitolo yakale ya misomali ndi maloko, yosiyidwa kuyambira iye asanabadwe. Pakhomo pake panaima mkulu wina wovala epuloni yofiirira. M'manja anali ndi ndodo yaitali ya ngowe, yokokera chinsalu.

"Mwana wa Beddoes," anatero mkuluyo osamuyang'ana. "Wakhala ukupemphapempha."

"Inde, agogo. Onse akana."

"Akanaleka bwanji kukana iwe utawafunsa? Zimenezi sapempha, mwanawe. Ukapempha, munthu amafuna chifukwa. Wa sitolo ya kumlatho amangotsitsa chinsalu chake, woyandikana naye akaona amachita manyazi, basi zimatsika zokha mpaka kutchalitchi."

"Nanga wa kumlathoyo ndani? Muno mulibe munthu."

Mkuluyo anaseka pang'ono. Tamsin anaona mpweya wake womwe ukufuka ngati utsi m'chisanu chija. Pakamwa pa mkuluyo sipankatuluka kanthu.

Tamsin anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Tsiku langa kunagwa mvula," anapitiriza mkuluyo. "Kuno kunalibe wotsitsa, poti wotsitsayo ndinali ine. Ndiye kamnyamata ka nsapato kaja, bambo akowo, kanathamanga msewu wonse, n'kudzanditsitsira. Kananyowa ngati khoswe." Anatembenuza ndodo ija m'manja. "Pita ukagone. Usamalire windo la bambo ako lokha. Ndipo uuze azakhali ako Maureen asiye kulira, amatupa maso ameneyo."

Tamsin anacheukira kumlatho. Pobweza maso... pakhomo panalibe munthu! Loko wa dzimbiri anali lende pa chitseko.

Anathamanga osacheukanso, ndipo kunyumba sanauze aliyense.

M'mawa analawirira kusitolo ya abambo ake, pakati pa msewu, natsitsa chinsalu chawo chobiriwira. Kenako anakakwera galimoto yotsatira bokosi pamodzi ndi azakhali ake a Maureen. Anaweramitsa mutu. Sanafune kuona mawindo owala ndi anthu otafuna masangweji abambo ake akudutsa.

Atawoloka mlatho, azakhali anamugwira dzanja mwamphamvu.

Pa sitolo yosiyidwa ija chinsalu chinali chotsitsa. Chinali chong'ambika, chodyedwa ndi njenjete, koma chinafika mpaka pansi.

Wometa tsitsi wa khomo lotsatira anali panja akuchiyang'ana. Anaona galimoto ya maliro, analowa msanga n'kukoka katani yake. Wa mankhwala anatsatira. Mayi wa khofi anazima magetsi natuluka ndi antchito ake, manja atapinda kutsogolo. Mdimawo unkatsogolera bokosi, khomo ndi khomo, ngati munthu wolambula njira. Kumapeto kwenikweni mnyamata wa mafoni, posowa chotsitsa, anavula jekete yake n'kuitambasula pagalasi, iye ataima pambali, makutu atafiira ndi chisanu.

Tamsin analira kwa nthawi yoyamba chimwalirireni abambo ake.

"Kiyi wa sitolo ya a Gittins ija unamupeza kuti, iwe?" ananong'ona azakhali.

"Sindinatsitse ine. Dzulo ndinakumana ndi mkulu wina pamenepo, wa epuloni yofiirira ndi ndodo ya ngowe. Anati ndikuuzeni musiye kulira, mumatupa maso."

Galimoto inaima pa geti la tchalitchi. Atatsika, azakhali sanalunjike kukhomo. Anamukokera Tamsin pambali pa mpanda, pa mwala wina wopendekeka womera ndere.

"Ndinkawagwirira ntchito ndili mtsikana, ndipo ankandinena choncho," anatero azakhali. "Agona apa a Gittins. Tinawaika amayi ako asanakhale n'komwe ndi pakati pa iwe."