Odi wa m'Chimbale cha Mkamwini

Linali Lachinayi madzulo, nditangochoka kokonzekera kwaya. Ine ndine wotsogolera kwaya pampingo pathu, ndipo khutu langa limagwira munthu wophonya nyimbo ngakhale atabisala mumzere wakumbuyo. Kusekondale ndinaphunzira ngakhale kuwerenga manotsi a nyimbo. Choncho ine ndikati ichi si nyimbo, nkhani yathera pomwepo.

Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi mnyamata amene anthu a mumsewu mwathu amamutcha Mahedifoni, chifukwa cha zomvera nyimbo zimene sizichoka m'makutu mwake. Gitala sadziwa. Kuyimba sayimba. Ntchito yake ndi kuyenda ndi mayikolofoni pamtengo, kujambula madzi akudontha m'ngalande, kenako n'kukhala pakompyuta maso ali psuu. Akuti ndi katswiri. Ankakhala m'kanyumba kanga ka kuseri, ndipo ine manyazi anali atandikwana. Ndinali nditawauza kuti mwezi ukatha asamuke.

Madzulo amenewo mwana wanga analowa atanyamula kasipika ngati kabuledi.

"Amayi, chimbale chake chatuluka. Anthu akunja akuchikonda."

"Akunja ati? Agonthi?"

"Tangomverani kamodzi mpaka kumapeto. Mukati mulibe kanthu, tisamuka osadandaula."

"Yambani kumanga katundu," ndinatero. "Siya pathebulopo."

Anasindikiza kabatani n'kutuluka. Ndinakhoma zitseko, n'kuyamba kusita yunifolomu ya kwaya.

Abale, ndinaseka ndekha. Ng'oma mulibe. Mawu mulibe. Poombera m'manja palibe. Liwu limodzi lokha, lalitali, ngati firiji yokalamba. Pamwamba pake kaliwu kena kowonda, konga mphepo ikamadutsa pa mawaya. Mwa apo ndi apo kadontho, tho, n'kudikira, tho. Zinali ngati munthu wagona tulo atatsamira limba la m'tchalitchi. Ndinati m'mtima, mwana wanga ndinamuphunzitsa sukulu kuti adzakwatiwe ndi firiji?

Koma chinthucho sichinkatha. Chinkangokula pang'onopang'ono osadziwika pamene chakulira. Ndinazindikira kuti ndasita kolala imodzimodzi kambirimbiri. Pabalaza panga ndimapadziwa, ndinagula ndekha chilichonse, koma panayamba kuoneka potakasuka, ngati makoma asunthira kutali. Agalu a mumsewu anali zii.

Kenako magetsi anathima.

Kasipikako n'ka batire, choncho kanapitiriza. Mdima unali bii, kupatula kanyali kake kobiriwira. Ndinaimika simbi. Sindinachite mantha, ndinene poyera. Ine ndagona ndekha m'nyumba imeneyi chimwalirireni bambo a mwanayo, ndipo ngakhale akuba amandidziwa.

Liwu lija linatsika. Linatsikabe mpaka ndinkalimva m'mano.

"Odi."

Mawu otsika, aulemu. Osati aamuna, osati aakazi. Mawu a munthu amene waima pakhomo nthawi yaitali koma sakufuna kuvutitsa.

Ine ndinaleredwa bwino. Kwathu mlendo sanena odi kawiri. Pakamwa panayankha mutu usanaganize.

"Eee, lowani."

Nyimbo inaima.

Sikuti inatha ayi. Inaima ngati mmene anthu amadulira nkhani wina akalowa m'chipinda. Ndipamene ndinakumbukira kuti chitseko ndakhoma, ndi cha zitsulo chomwe. Ndinakumbukiranso kuti odiyo sanachokere kukhomo. Koma kukasipika sanachokerenso.

Ndinamva mapazi akupukutidwa pa kapeti. Ndinamva nsapato ikuvulidwa, n'kuikidwa pansi mosamala. Kenako inzake. Sofa yanga yaikulu, imene imapuma munthu akakhalapo, inapuma. Fuu.

Nyimbo inayambiranso, liwu lomwe lija la firiji, kamphepo komwe kaja. Koma munali mutawonjezeka munthu. Wina akhoza kunena kuti ndinaganiza chabe. Ine ayi. Kwaya ikawonjezeka ndi munthu mmodzi ndimadziwa nditatembenukira kukhoma. Pansi pa zonsezo wina ankang'ung'udza, kutsatira bwinobwino, osaphonya. Ndipo ankaima kuti apume. Makina sapuma.

"Ndani?" ndinatero.

Anangopitiriza.

Ndinafufuza kabatani n'kusindikiza. Kanyali kanathima. Firiji ija inaleka, kamphepo kanaleka. Wapasofa sanaleke.

 Sindinathamange, ine sindithamanga m'nyumba mwanga. Ndinayenda chammbali, msana uli kukhoma, mpaka kukhitchini. Makiyi anandivuta pang'ono. Nditatuluka ndinakokera chitseko, ndipo liwulo linkamvekabe mkatimo, lofatsa, ngati la munthu amene wafika kwawo.

Ndinaima pakhomo pa kanyumba ka kuseri. Ndinakweza dzanja kuti ndigogode. Koma munthu ukagogoda umati chiyani? Liwu limenelo linakana kutuluka pakamwa panga. Ndinaganiza, nanga anawa akandiyankha kuti lowani, ndilowa ndekha? Ndinakhala pansi pa sitepe, n'kufunda yunifolomu ya kwaya imene ndinapeza ili m'manja.

Kunandichera pomwepo. Woyamba kundiona anali mayi wogulitsa makala wa kuseri kwa mpanda, amene pakamwa pake sipatseka ngati geti la pamsika.

"Iii, amayi a kwaya! Mwagona pakhomo pa akamwini?"

"Ndikuyendera nyumba yanga. Makala atha?"

Chitseko chinatseguka. Mahedifoni anadzidzimuka, n'kunjuta.

"Amayi, kwagwanji?"

"Mawu aja munajambula ndani?"

"Mawu ati, amayi?"

"Wa odi uja."

Anayang'ana mkazi wake. "Mulibe mawu a munthu m'chimbale chonsecho."

"Nanga phokoso lanulo munalitenga kuti?"

Anakanda m'mutu. "Mundikhululukire. M'nyumba mwanu momwemo. Mutapita kumsonkhano wa makwaya ndinasiya mayikolofoni mukolido, pafupi ndi chitseko cha kuchipinda kwanu. Munalibe munthu. Ine ndinangokweza zimene zinalimo kale, n'kuzitalikitsa."

Tinalowa tonse atatu. Pabalaza panali bwinobwino. Nsapato panalibe. Tinachimveranso chimbalecho dzuwa likuswa mtengo, ndipo odi munalibedi. Koma pamalo paja nyimbo inaima. Inaima nthawi yokwanira munthu kuvula nsapato n'kukhala pansi. Mahedifoni anabweza, inaimanso. Anatsegula kompyuta yake, n'kuyang'ana timizeremizere ta nyimboyo.

"Apa ine sindinadulepo," anatero.

"Ndiye ukatswiri wake umenewo," ndinamuuza. "Nyimbo yanu yomwe simukuidziwa."

Mwana wanga anafunsa motsitsa mawu. "Ndiye tisamuke, amayi?"

"Ndinanena kuti musamuke, ndipo ine sindibweza mawu. Tsiku lake ndi lero. Tengani katundu mulowe m'nyumba yaikulu. Kanyumba kaja ndikufuna kusungiramo mabenchi a kwaya."

Anasamukadi tsiku lomwelo. Chipinda chawo chayang'anizana ndi changa. Mayikolofoni ndinailetsa kudutsa pakhomo.

Mumsewu nkhani ili m'kamwam'kamwa, mayi wamakala ndiye wailesi yake. Akuti m'nyumba mwanga munali wina amene wakhala akuodira zaka ndi zaka, mawu ake otsika kwambiri moti khutu silinkawamva. Akuti makina a mkamwini anamukweza, ine n'kumulandira. Akuti mlendo amene wauzidwa kuti lowani sachoka yekha, mpaka mwininyumba amuperekeze.

Zamkutu. Anthu oti sanaponde ngakhale pakhonde la sekondale, lero ayambe kundiphunzitsa ine mwambo wa alendo? Ulemu ndimaudziwa kuposa onsewo. Mlendo saperekezedwa asanatsanzike.

Atsanzike kaye.