Nambala ya pa Chiliza cha Agogo

Linali Lachisanu madzulo, mawa lake tikuvundukula chiliza cha agogo. Pamudzi pathu, kuseri kwa Sinda, azimayi ankasenda anyezi, azibambo akulimbana ndi tenti yobwereka kutchalitchi. Ine ndinali pakhonde ndi pepala langa, kuyeserera mbiri yoti ndikawerenge kumanda.

Dzina langa ndi Ignatius Daka. Ndinaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu, ndipo matenda anga ndi amodzi: ndimakonda kuti anthu adziwe kuti ndimadziwa. Za chilizazi ndinayambitsa ndine. Agogo a Fulansisi Daka anamwalira mu 1987, ndipo tonse tinakula tikudziwa kuti anakamenya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ku Bama. Jasi lawo la usilikali tinkaliona. M'sutikesi mwawo munali kapepala ka ku boma kokhala ndi nambala ya usilikali. Nambala imeneyo ndinapita nayo ku Katete kwa Victor wosema miyala, n'kumuimirira pamutu mpaka ataisema pansi pa dzina: 9417.

Mlongo wanga Winfrida anandifunsa kuti, "Alongo, dzina ndi chaka sizikwanira?"

Ndinamuuza kuti za mbiri azisiyira ife.

Nambala yokha sinandikwanire. Ndinafuna dzina la malo amene anamenyera ndi tsiku limene anabwerera, kuti powerenga anthu akhale duu. Ndiye ndinatuma mwana wanga Hellen, amene amagwira ntchito ku Lusaka, kuti akafufuze kumene kumasungidwa mabuku akale a boma. Anatha miyezi iwiri. Zithunzi zake zinalowa pafoni Lachisanu lomwelo, dzuwa litapendeka.

Choyamba chinali tsamba la m'kaundula wa asilikali. Fulansisi Daka, 9417, mudzi wathu womwewu. Analowa usilikali mu 1942. Kumapeto kwa mzere kunali mawu ochepa: anafa ndi mabala mu Okutobala 1944, anaikidwa komweko.

Ndinaseka. Munthu amene anandikwapula ine mu 1975 chifukwa chothyola mango osapsa, anafa bwanji mu 1944?

Zithunzi zina ziwiri zinali za kalembera wa m'midzi. Tsamba la 1941 linati Fulansisi ndi wosakwatira. Agogo aakazi, a Ottilia, analembedwa kuti ndi mkazi wa munthu wina: Zuze, mkamwini, wochokera kutsidya kwa malire, kupitirira Vubwi. Pa tsamba la 1947 Zuze panalibe. A Ottilia anali mkazi wa Fulansisi, ndi mwana mmodzi wa zaka zisanu.

Atate anga, a Watipaso, anabadwa mu 1942. Madzulo a Lachisanu limenelo n'kuti ali m'nyumba yachitatu kuchokera kwanga, akusita okha malaya oti avale mawa pa chiliza cha bambo awo.

Kuseka kuja kunatha. Sindine wopusa. Ndinaona bwinobwino kuti boma litaitana Fulansisi, kunkhondo kunapita munthu wina ndi dzina lake, ndipo mwini dzina anatsala n'kutenga mkazi wa mnzakeyo. Kumene anakabisala zaka zinayi ndi kumene anagula jasi lija, kaya.

Foni inalira. Anali Hellen.

"Dadi, mwaziona? Mawa muwerenga ziti?"

"Zimene ndinalemba."

"Koma Dadi..."

"Netiweki yavuta," ndinatero, n'kudula.

Ndinali ndi manyazi, ndipo ine manyazi akandigwira ndimakwiya. Anthu atabalalika, ndinaimirira pakhonde ndi pepala lija n'kuyamba kuliwerenga mokweza, ngati kuti kukweza mawu kusandutsa bodza kukhala zoona. Nditafika pa nambala ndinaitana monga ndinkaitanira mayina m'kalasi. "Fulansisi Daka, nambala 9417!" Ndinabwereza katatu. Kenaka ndinalowa, n'kutseka chitseko.

Tulo sitinabwere. Kunali kotentha, kutentha kwa Okutobala kumene ngakhale malata amadandaula. Mkazi wanga anagona kwa Winfrida ndi azimayi ophika, ndiye ndinali ndekha. Agalu a pamudzi anauwa kanthawi, mbali ya kumsewu. Kenaka anasiya onse pamodzi.

"Odi."

Mawu aamuna, otsika. Ndinaganiza kuti ndi mlendo wa pa chiliza amene basi yamusiya mochedwa pa Sinda. Ndinatenga tochi, n'kutsegula.

Anali ataima patali pang'ono, pamene khonde limathera. Wamfupi, wowongoka, manja atawapanikiza m'mbali. Ndinawalitsa tochi pansi monga mwa ulemu. Ndinaona miyendo yokulungidwa nsalu mpaka m'mawondo, ndi matope. Matope aiwisi. Kwathu kunali kusanagwe ngakhale dontho la mvula chichokere Epulo. Kenaka linandifika fungo la chovala chonyowa chimene chakhalitsa osayanikidwa.

"Ndayankha, bwana," anatero. "Mwaitana."

Chichewa chake chinali cha kumalire, chokoka mawu.

Ndinafuna kukankha chitseko, koma dzanja silinamve.

"Ndamva kuti mwandikonzera pogona. Njira ndaiwala, mitengo yasintha. Mundiperekeze."

Musandifunse chifukwa chimene ndinapitira. Ndadzifunsa ndekha kambirimbiri. Sanandiopseze, sanandigwire. Anapempha monga apemphera munthu wotopa, ndipo ndinapezeka ndavala patapata, ndili panja.

Ine patsogolo, iye pambuyo. Tinadutsa pa tenti, mipando itasanjikizana. Tinadutsa pa nyumba ya atate. Malaya awo oyera anali atapachikidwa pawindo. Apo ndinafulumira. Kumbuyo kwanga mapazi ankamveka, phwa, phwa, phwa, ngati munthu woyenda m'dambo, pamene ine ndinkaponda fumbi lokhalokha. Ndikaima, amaima. Sindinacheuke.

Manda athu ali kuseri kwa munda wa thonje, m'kankhalango. Usiku sikufika munthu wabwino. Chiliza chinali chophimbidwa ndi nsalu yoyera, m'makona atatsendereza ndi njerwa.

"Vundukulani. Ine sindidziwa kuwerenga."

Ndinachotsa njerwa ziwiri. Ndinawalitsa tochi pamwala. Ndinawerenga dzina. Ndinawerenga nambala.

Anapuma mozama, kupuma kwa munthu amene watula katundu. "Ndi ine ameneyo. Zikomo, bwana." Mapazi aja anasendera pafupi. Fungo linakula.

"Koma muli munthu m'menemu."

"Ndi agogo anga," ndinanong'ona.

"Dzina lawo?"

"A Fulansisi Daka."

"Fulansisi ndi ine. Anandiuza kuti ndiziyankha choncho mpaka nditabwera. Anati ine ndine mlendo, ndikakana andibweza kwathu, mkazi atsala. Anati ndikabwera adzandibwezera langa." Anaima pang'ono. "Langa lija ndalitaya. Uko palibe amene analiitanapo. Inu owerenga mapepala, simunalione?"

Dzinalo linali pa lilime langa. Ndinadziwa kuti ndikalitchula, mbiri yanga ya mawa yatha, ndi jasi lomwe, ndi zonse zimene ndakhala ndikudzitama nazo kwa ana a sukulu. Ndinalimbana nazo, ndikuvomera. Koma munthu anali ataima pa manda olembedwa nambala yake, malo alibe.

"Zuze," ndinatero.

"Nenaninso."

"Zuze."

Anabwereza yekha, pang'onopang'ono, kawiri. Sindinamvepo munthu akutchula dzina lake mosamala chotero. Mantha anayamba kuchepa, m'malo mwake munalowa chisoni. Ndinaganiza kuti zatha, apita.

"Bwana, chinanso chimodzi. Ndinasiya mkazi wanga ali ndi pakati, miyezi isanu ndi umodzi. Ndinawerenga miyezi ndili m'sitima. Mwanayo anabadwa?"

Ndinaona atate anga, okalamba, chifuwa chikuwavuta chaka chonse, ali okha m'nyumba ya chitseko cha loko wakufa. Ndinaganiza za mapazi awa akulunjika kumeneko. Wakufa akapeza mwana wake, amamusiya? Ine sindinadziwe, ndipo sindinafune kuyesa pa atate anga.

"Ali moyo? Wamwamuna kapena wamkazi?"

"Sindidziwa," ndinatero. "M'mapepala mulibe."

Sanakwiye. Bwenzi zili bwino akanakwiya.

"Basi," anatero. "Mwayesa, bwana."

Mapazi anatembenuka. Sanalowere kumudzi. Analowera kum'mawa, kudutsa m'mapesi a thonje, phwa, phwa, kuchepa, kuchepa, mpaka kunatsala nkhululu zokha. Fungo lija linakhalabe kanthawi.

Ndinakhala pansi m'mbali mwa chiliza. Nambala inali kundiyang'ana. Omanga anali atasiya kachitsulo m'udzu. Ndinakatola, n'kuyamba kukanda. Victor amadziwa ntchito yake, mwala uja unali wolimba. Ndinakanda mpaka zala zinatuluka magazi, ndipo pamene kunkacha n'kuti nditangowononga manambala awiri.

Umo ndi mmene anandipezera adzukulu osamalira manda pobwera kudzasesa. Mphunzitsi wopuma, malaya amkati okhaokha, fumbi mpaka m'mutu, chitsulo m'manja, pa manda a agogo ake tambala atangolira. Mmodzi anataya tsache n'kuthawa. Winayo anangoti, "Aphunzitsi, ndinu?"

Mwambo unachitika, chifukwa nyama inali itaphikidwa kale ndipo abusa anali atafika. Mbiri sindinawerenge. Winfrida anatchula dzina ndi chaka, maso ali pansi, nyimbo n'kuyamba msanga. Pa chakudya palibe amene anakhala pafupi nane. Manong'onong'o ndinkawamva. Ena ankati mapepala andisokoneza mutu. Ena ankati ayi, munthu sapita kumanda usiku chabe, amene uja amakatenga dothi, penshoni yake ija simukuona mmene yamukhalitsira bwino? Mayi wina anakoka mdzukulu wake pamene ndinkadutsa. Ndikanatulutsa foni n'kuwaonetsa zithunzi, ndikanadziyeretsa. Koma atate anali pampando wakutsogolo ndi malaya awo oyera, ndipo foni inakhala m'thumba.

Madzulo, alendo atapita, anatuma uthenga kuti ndifike. Ndinawapeza pakhomo, malaya aja asanavule. Ndinakonzeka kukalipiridwa.

"Khala pansi, Iginasi." Anayang'ana zala zanga zomangidwa nsanza. "Adzukulu akuti pafupi ndi manda panali mapazi a matope. Afafaniza anthu asanafike."

Ndinakhala pansi pafupi nawo.

"Amayi anandiuza ali pamphasa, kutatsala masiku awiri kuti amwalire. Zaka makumi atatu ndakhala nazo ndekha. Pamene unkasemetsa nambala ija ndinakusiya dala. Ndinati bola chinthu chawo chimodzi chikhale pamudzi pano." Anatsokomola nthawi yaitali. "Anali iwo?"

"Anali iwo, Atate."

Anagwedeza mutu. Manja awo anali kusisita mawondo. Munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi ziwiri, koma mawu amene anatuluka anali a kamwana.

"Anafunsa za ine?"

Ndikanatha kunamanso. Ndinali nditatopa nako.

"Anafunsa."

Nkhope yawo inawala. Sindinawaonepo atate anga akuwala chotero, ngakhale tsiku limene ndinalandira satifiketi ya uphunzitsi.

"Ndiye unati chiyani?"

Ndinayang'ana pansi. Anadikira. Anadikirabe. Kenaka kuwala kuja kunazima pang'onopang'ono, ndipo sanafunsenso.

Papita miyezi isanu. Mvula inabwera, chimanga chakhwima. Pamudzi amandipatsabe moni, koma patali. Ndaimapo pakhonde usiku kangapo, kuitana nambala ija, kuitana Fulansisi, kuitana Zuze. Agalu amangouwa.

Atate sanandinenepo kanthu koipa. Koma chichokere tsiku limenelo sagonanso kuchipinda. Amayala mphasa pabalaza, nyali ili chiyakire, chitseko atasiya chotsegula ngakhale kukugwa mvula. Winfrida akabwera kudzatseka, chifukwa cha chifuwa chija, amamubweza.

"Siya, mama. Mwina adutsanso, aone kuti muli munthu."